Yankho: Nkhanu ndi mapale a Agiriki zikukhudzana bwanji?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake dzina la gulu la nkhanu, Malacostraca, likumveka ngati ostraca, mapale akale olembedwapo. Simunamve molakwika. Onsewa akuchokera ku mawu amodzi a Chigiriki, ostrakon, omwe ankatanthauza chigoba komanso phale la mphika wosweka.

Aristotle, katswiri wakale wa ku Girisi, ndiye ankatchula nkhanu ndi zinzake kuti za chigoba chofewa, lomwe ndi tanthauzo la Malacostraca, pozisiyanitsa ndi zolimba zigoba ngati nkhono. Dzinalo linakhazikika, ngakhale aliyense amene wagwirapo nkhanu ya m'dambo angatsutse zoti ndi yofewa. Palinso dzina lina lochokera ku mawu omwewo, Ostracoda, tizilombo ta m'madzi tochepa ngati kambewu ka mpiru, tokhala m'kachigoba ka mbali ziwiri kotseguka ndi kutsekeka.

Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi mapalewo. Gumbwa wolembapo anali wodula, pamene mapale anali mbwee paliponse, choncho anthu ankalembapo malisiti a msonkho, makalata ndi zina. Ku Athens, m'zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, nzika zinkakanda pa phale dzina la munthu amene zinkamuona kuti wakula mphamvu. Wotchulidwa kwambiri ankachoka mumzindamo kwa zaka 10, koma chuma chake sankamulanda.

Ofukula zakale anapeza mapale 190 m'chitsime china m'mbali mwa Acropolis, phiri la akachisi la ku Athens, okhala ndi dzina la Themistocles, koma olemba ake anali anthu 14 okha. Zikuoneka kuti ena anawakonzeratu kuti akagawire ovota. Themistocles yemweyo, amene anatsogolera kugonjetsa Aperisi pa nkhondo ya panyanja ku Salamis mu 480 Khristu asanabadwe, anadzathamangitsidwadi patapita zaka zingapo.