Ngati ethanol ndi wabwino, bwanji boma lichite kunyengerera anthu?

Bambo wina anditumizira imelo yofunsa kuti: ngati mafuta ochokera ku zomera, monga ethanol ndi biodiesel, ndi abwinodi, n'chifukwa chiyani maboma amachita kuwachotsera misonkho, kupereka ngongole zofewa komanso kulamula kuti asakanizidwe ndi petulo kapena dizilo? Iwo akuti chinthu chabwino chimadzigulitsa chokha, ndiye kodi kumeneku si kumwaza ndalama za anthu okhoma msonkho?

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, koma ine ndili kumbali yoti boma lilowererepo. Petulo anafika kalekale pamsika. Matanki, mapampu ndi injini zonse zinapangidwa poganizira iyeyo. Mafuta atsopano amapeza malo onse atatengedwa. Munthu sangamange fakitale ya ethanol asakudziwa kuti adzagula ndani, mlimi sangadzale nzimbe zambiri fakitale kulibe, ndipo woyendetsa galimoto sangagule galimoto yoyendera mafuta amene sakuwaona pa malo omwetsera. Aliyense amadikira mnzake kuti ayambe. Woyambitsa amayenera kukhala boma.

Dziko la Brazil ndi limene limandiphunzitsa zambiri pankhaniyi. Mafuta atakwera mtengo kwambiri padziko lonse mu 1973, Brazil inkagula kunja mafuta ambiri amene inkagwiritsa ntchito, ndipo ndalama zakunja zinkangothera komweko. Mu 1975 boma la Ernesto Geisel linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Proálcool. Linapereka ngongole zachiwongoladzanja chochepa kwa omanga mafakitale, linaonetsetsa kuti ethanol akugulidwa ndi kufika pa malo omwetsera mafuta, ndipo linaika mtengo wake pansi pa wa petulo. Mu 1979 kunatuluka galimoto ya Fiat 147 yoyendera ethanol yekhayekha, ndipo pofika chapakati pa zaka za m'ma 1980 magalimoto ambiri atsopano ogulidwa m'dzikomo anali a mtundu umenewu.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mu 1986 mtengo wa mafuta unagwa, boma linayamba kubweza dzanja, ndipo shuga atakwera mtengo eni mafakitale anaona kuti phindu lili kushuga. Mu 1989 ethanol anasowa. Taganizani munthu amene anamvera boma n'kugula galimoto yosadziwa petulo, lero ali pamzere wautali pampu ili gwa. Anthu anakhumudwa kwambiri moti kwa zaka zoposa 10 ambiri sankafunanso kumva za magalimoto otere. Apa ndi pamene ndimafuna atsogoleri amvetsetse: thandizo la boma likamabwera lero n'kusowa mawa, limapweteka anthu amene anakhulupirira poyamba, ndipo kuwabweza n'kovuta.

Chimene chinabwezeretsa chikhulupiriro ndi galimoto yomwa zonse ziwiri. Mu 2003 Volkswagen inatulutsa Gol yotha kuyendera petulo, ethanol kapena zosakaniza mulimonse. Mphamvu zinapita m'manja mwa woyendetsa. Popeza lita ya ethanol siyenda mtunda wofanana ndi lita ya petulo, madalaivala a ku Brazil ali ndi kasamu kawo kapamtima: akafika pa pampu amayang'ana mitengo iwiri ija, ndipo ethanol amamwetsa pokhapokha mtengo wake usakupitirira 70 pa 100 ya mtengo wa petulo. Ukapitirira, amamwetsa petulo, amenenso mwalamulo amakhala wosakaniza kale ndi ethanol. Mu 2015 mlingo wosakanizawo unafika 27 pa 100. Lamulo losakanizali ndi limene ndimaliona lanzeru kuposa zonse, chifukwa silitapa ndalama m'thumba la boma chaka ndi chaka koma limatsimikizira mlimi ndi fakitale kuti msika ulipo.

Pamene mukunena zoona, bambo, ndi pakuti thandizo lisakhale lamuyaya. Ku United States lamulo lokakamiza kusakaniza linabwera mu 2005 n'kukulitsidwa mu 2007, ndipo mwayi wa msonkho wa masenti 45 pa galoni umene osakaniza ankalandira unatha kumapeto kwa 2011. Mafakitale ambiri sanatsekedwe ayi. Anali atakula mokwanira kuima paokha.

Koma pali china chimene simunafunse, chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa msonkho: munda. Ku United States komweko, chimanga choposa gawo limodzi mwa magawo atatu chimathera ku ethanol. Ku Indonesia, biodiesel amachokera ku mafuta a kanjedza, mbewu imene minda yake yadya nkhalango zambiri, mpaka mu 2018 mayiko a European Union anagwirizana zoti pofika 2030 asiye kuwerengera mafuta oononga nkhalango ngati oteteza chilengedwe. Choncho mukamva kuti boma lina likulimbikitsa mafuta a ku zomera, funso loyamba likhale loti akuchokera ku chiyani. Ochokera ku zotsalira popanga shuga, ku mafuta ophikira amene agwira kale ntchito kapena ku ndowe za ziweto ndimawavomereza ndi mtima wonse. Ofuna kugwetsa nkhalango kapena kulanda munda wa chakudya, ndalama ya boma isawayandikire.