Kupita ndi ana kuhotela ya kunyanja mu Julaye

Achemwali, mwafunsa zopita ndi ana kuhotela ya kunyanja mu Julaye. Pitani nawo anawo, koma poti muli ndi masiku awiri okha, sankhani Senga Bay osati Mangochi. Kuchokera muno mu Lilongwe ndi maola awiri basi pamsewu wa M14 wopita ku Salima. Ku Mangochi tsiku limodzi lingathere panjira.

Chokhacho, Julaye ndi nyengo ya mwera. Ife chaka chatha tinapita tikuyesa kuti kunyanja nkotentha nthawi zonse. Madzulo mphepo inkatithira mchenga m'maso ndi m'mbale ya chambo momwe, mafunde ali phwaa, chitsirizira wanga akunjenjemera ndi kakabudula kokha. Tengani majuzi. Ana asambire pamene nyanja yadekha, inu muli pompo.

Musanalipire, funsani ngati mtengo wa chipinda ukuphatikiza kadzutsa, komanso ngati pabedi pali neti. Udzudzu wa kumeneko sucheza. Asamaseweretsenso madzi osayenda a m'mabango, ndimo mumakhala nkhono za likodzo.

Mukabwerako wina akatentha thupi, kapena mukaona magazi mumkodzo patapita masabata, musamugulire mankhwala kugolosale. Thamangani naye kuchipatala akamuyeze.