Drone yatsopano yafika yokandika, a sitolo akuti bola ikuuluka: lamulo la ku England likuti chiyani?

Bambo, mwalemba kuti mumakhala ku Leicester ndipo munagula drone yojambulira pa intaneti, pa mtengo wa £760, kusitolo ya ku England komweko. Inafika masiku 9 apitawo. Mutatsegula bokosi munapeza kuti pamsana pake pali pokandika motalika pafupifupi masentimita 3, komanso mkono umodzi wakutsogolo wasupuka penti. Simunaiulutse. A sitolo akuti poti ikuyaka ndiye kuti palibe vuto, ngati simukukhutira mukalankhule ndi kampani imene inaipanga, apo ayi mulandire vocha ya £20 nkhani ithere pomwepo.

A sitolo akulakwitsa, koma ndisanafike pa malamulo ndikupempheni chinthu chimodzi: musaiulutse, ngakhale mtima uli dyokodyoko. Madrone amakono amasunga mbiri ya ulendo uliwonse, tsiku, nthawi ndi malo. Mukangoitulutsa panja kamodzi, a sitolo apeza ponamizira, adzati inakandika potera pamiyala. Musamatepo stika ya nambala yanu ya ku Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira zouluka m'mlengalenga, ndipo musayese kufafaniza pokandikapo ndi polishi kapena sipiriti, chifukwa mankhwala ena amachititsa pulasitiki kutuwa, kenaka chilemacho chidzaoneka ngati chanu. Jambulani zithunzi lero masana pafupi ndi windo, mutaika rula pambali pa pokandikapo. Jambulaninso nambala ya drone, nambala ya pabokosi, katoni imene inabweramo ndi pepala la adiresi limene anamata amtengatenga. Musataye kanthu kalikonse, ngakhale tizipulasitiki tokutira.

Kenaka ionetsetseni bwino, chifukwa zimene anthu amazitcha kukandika zili m'magulu osiyana, ndipo mphamvu ya dandaulo lanu yagona pamenepa. Thupi la drone amaliumba ndi pulasitiki yosungunula m'chikombole. Kamzere koongoka kamene kamaoneka pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana, kapena kadontho kamene pulasitiki inalowera, zimapezeka pa drone iliyonse ya mtundu umenewo ndipo si chilema. Koma pokandika pamene chikhadabo chikukodwa, kapena penti yosupuka, ndi chilema chenicheni. Gulu lina ndi la zimene zimaoneka zazing'ono pamene zili zoopsa. Kamng'alu kapena kamzere kotuwa pafupi ndi pamene pamangidwa mota, kapena polumikizira mkono wopindika, ndi chizindikiro choti pulasitiki yapanikizika ndipo ikhoza kuthyoka ili m'mwamba. Pulopela yobenthuka imanjenjemeretsa drone yonse, vidiyo n'kumatuluka yogwedera. Pokandika pa galasi la kamera pamaonekera mukajambula moyang'ana dzuwa. Timphira togwira gimbal (kachipangizo kogwira kamera kuti isagwedere) tikang'ambika, chithunzi chimapendekeka. Zimenezi musazitche kukandika polemba kalata; zitchuleni dzina lake.

Onaninso ngati drone imeneyi ndi yatsopanodi. Fumbi m'mamota, kubiriwira kwa udzu kunsonga za mapulopela, kukhuzika pansi pa miyendo yoterera, zala pagalasi la kamera, tepi ya bokosi yomatidwa kawiri, zonsezi zimasonyeza kuti wina anaigula kale n'kuibweza. Ngati munailumikiza kale ndi foni, onani kuti batire yatchajidwa kangati, pulogalamu yake imawerengera. Ngati simunailumikize, isiyeni momwemo. Mukapeza umboni woti inagwirapo ntchito, nkhani yasintha: gawo 11 la lamulo loteteza ogula la Consumer Rights Act 2015 limati katundu agwirizane ndi momwe anamufotokozera pogulitsa, ndipo chinthu chogwirapo ntchito si chatsopano, ngakhale chikhale chosalala bwanji.

Muli ndi njira ziwiri, ndipo yoyamba ndiyo yachidule. Poti munagula pa intaneti osaona katunduyo, malamulo a Consumer Contracts Regulations a 2013 amakupatsani masiku 14, kuwerenga kuyambira tsiku lotsatira limene katundu anafika, oti musinthe maganizo popanda kupereka chifukwa chilichonse. Inu kwatsala masiku 5. Chofunika n'chakuti uthenga wothetsa mgwirizano muutumize masikuwa asanathe. Mukatero muli ndi masiku ena 14 otumizira katunduyo, ndipo sitolo iyenera kubweza ndalama zanu, pamodzi ndi za mtengatenga wamba zimene munalipira pogula, pasanathe masiku 14 italandira katunduyo kapena umboni woti mwatumiza. Kutsegula bokosi sikukulandani ufulu umenewu. Mumaloledwa kuona ndi kugwira katundu monga mukanachitira m'sitolo. Mukapyola pamenepo, monga kuiulutsa, sitolo imaloledwa kudula ndalama molingana ndi momwe mtengo wake watsikira. Masitolo ena amati ngakhale kungoilembetsa pa akaunti yanu kwatsitsa kale mtengo. Imeneyo ndi mfundo yokanganirana, n'chifukwa chake ndikuti ngati simunalembetse musatero. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti ndalama zotumizira mumalipira nokha, pokhapokha ngati sitolo inalonjeza kulipira kapena sinakudziwitseni pogula kuti zidzakhala zanu.

Njira yachiwiri ndiyo imayankha mwachindunji zimene a sitolo anena. Gawo 9 la Consumer Rights Act 2015 limati katundu aliyense amene wabizinesi wagulitsa kwa munthu wamba akhale wabwino pa mlingo umene munthu woganiza bwino angakhutire nawo, poganizira mtengo ndi momwe anamufotokozera. Lamulolo limatchula zinthu zoyang'ana, ndipo ziwiri mwa izo n'zanu ndendende: maonekedwe ndi kamalizidwe, zimene pachingerezi analemba kuti "appearance and finish", ndi kusakhala ndi tizilema ting'onoting'ono, "freedom from minor defects". Mawu amenewa muwalembe momwemo m'kalata yanu. Maganizo amenewa si a lero. M'zaka za m'ma 1980, pa mlandu wa Rogers v Parish, khothi la apilo la ku England linagamula nkhani ya Range Rover yatsopano ya £16,000 imene inali ndi zovuta mu injini, m'magiya ndi pa bodi. Galimotoyo inkayenda, koma khothi linati wogula galimoto yatsopano salipirira kuyenda kokha, amalipiriranso kuyenda mosavutika ndi kunyadira maonekedwe ake. Choncho mawu oti "bola ikugwira ntchito" makhothi anawakana kalekale.

Komabe ndisakunamizeni kuti kachilema kalikonse n'kokwanira. Muyeso wake ndi munthu woganiza bwino, osati munthu wosakhutitsidwa ndi kanthu. Kadontho kobisika pansi pa batire, kooneka pokhapokha mutaunika ndi tochi, woweruza akhoza kunena kuti sikakwana. Koma pokandika masentimita 3 pamsana poonekera, kuphatikiza penti yosupuka pa mkono, pa chinthu cha £760 chogulitsidwa ngati chatsopano, ine ndikuona kuti muli ndi mlandu wabwino. Chimene chingaugwetse n'chimodzi: ngati tsamba logulitsira linanena kuti katunduyo ndi wotsegulidwa kale, wokonzedwanso, kapena ali ndi zokandika. Chilema chimene anakuuzani musanagule simungachidandaule. Bwererani ku imelo yotsimikizira oda muwerengenso, ndipo jambulani tsambalo asanalisinthe.

Katundu akalephera muyeso wa gawo 9, muli ndi masiku 30 omukana ndi kulandira ndalama zonse. Apa ndalama zotumizira ndi za sitolo, ndipo iyenera kubweza ndalama pasanathe masiku 14 itavomera, kudzera njira yomweyo imene munalipirira. Singakukakamizeni kulandira vocha. Pali msampha umodzi umene ambiri sadziwa. Anthu amamva kuti m'miyezi 6 yoyambirira lamulo limaganiza kuti chilema chinabwera ndi katundu, ndipo ndi wogulitsa amene ayenera kutsutsa. Zimenezo n'zoona mukamapempha kuti akonze kapena asinthe, koma sizigwira ntchito pa ufulu wokana wa masiku 30. Pamenepo umboni woti drone inafika yokandika uyenera kuchokera kwa inu. N'chifukwa chake zithunzi, mbiri yopanda ulendo uliwonse, ndi tsiku limene munadandaula koyamba n'zofunika kwambiri. Ngati munadandaula pafoni, lembani imelo lero yokumbutsa tsiku ndi zimene munakambirana.

Ngati drone mukuifunabe, pemphani kuti akusinthireni ndi ina m'malo mobweza ndalama. Gawo 23 limati achite zimenezo m'nthawi yoyenera, mosakuvutitsani kwambiri, ndipo zolipira zonse zikhale zawo. Akhoza kukana kusintha ngati n'kodula mopyola muyeso poyerekeza ndi kukonza. Pa ine kusintha n'kwabwino kuposa kukonza, chifukwa kukonza pokandika kumatanthauza kumasula thupi la drone yatsopano, ndipo mkatimo muli tizingwe topyapyala ta gimbal ndi masensa. Masiku 30 aja amaima kuwerengedwa nthawi imene mukudikira, ndipo katundu akabwerera mumakhala ndi masiku otsalawo, kapena masiku 7 ngati otsalawo ndi ochepera pamenepo. Sitolo ili ndi mwayi umodzi wokha. Yachiwiri ikafikanso yolakwika, gawo 24 limakulolani kusankha kuti mtengo utsitsidwe kapena mubweze kotheratu, ndipo m'miyezi 6 yoyambirira sangadule ndalama zoti mwagwiritsa ntchito.

Zokutumizani kwa opanga musavomere. Mgwirizano wanu ndi wa inu ndi amene analandira ndalama zanu. Waranti ya opanga ndi yongoonjezera, ndipo mawaranti ambiri a zipangizo zamagetsi amalemberatu kuti sakhudza zokandika, ndiye mukhoza kutaya milungu iwiri kumeneko n'kubwera chimanjamanja masiku anu atatha. Akanena kuti analakwa ndi amtengatenga, gawo 29 limati katundu amakhala m'manja mwa wogulitsa mpaka afike m'manja mwanu, pokhapokha ngati mtengatengayo munachita kumupeza nokha. Ndipo gawo 31 limati palibe malamulo a sitolo amene angachotse maufulu amenewa.

Za vocha ya £20, lamulo silikuletsani kugwirizana nawo ngati pokandikapo mungapirire. Koma vocha si ndalama, imakubwezerani kusitolo yomweyo. Onani pa masitolo ena kusiyana kwa mtengo pakati pa drone yatsopano ndi yotsegulidwa kale ya mtundu womwewo, ndipo kusiyanako ndiko mupemphe, kubwerere pa khadi lanu. Musasaine kapena kuyankha imelo imene ikunena kuti nkhani yonse ya drone imeneyi yatha. Lembani kuti ndalamazo ndi za kukandika kokha, ufulu wanu pa zovuta zina ukadalipo.

Pali funso limene simunayankhe ndipo likhoza kutembenuza zonse: kodi munagula kuti muzisangalala nayo, kapena ya ntchito yojambula maukwati ndi zinkhoswe molipiritsa? Zonse ndafotokozazi zimateteza munthu amene wagula pa zifukwa zimene kwenikweni si za bizinesi. Ngati risiti ili m'dzina la kampani yanu, mumagwera pansi pa Sale of Goods Act 1979. Kumeneko kulibe masiku 14 osintha maganizo, ndipo gawo 15A limati chilema chikakhala chaching'ono kwambiri moti kukana katundu n'kopanda nzeru, wogula angopempha ndalama zolipira kutsika kwa mtengo. Kujambula ukwati wa mlamu wanu mwaulere sikukusandutsani wabizinesi.

Kalata yanu ikhale yaifupi: nambala ya oda, tsiku limene katundu anafika, chilema ndi malo ake, zithunzi, ndi mawu omveka oti mukukana katunduyo pansi pa Consumer Rights Act 2015. Onjezani kuti ngati sakuvomereza za chilemacho, kalata yomweyo ikhale chidziwitso choti mwathetsa mgwirizano pansi pa malamulo a 2013. Mukatero mwagwira njira zonse ziwiri masiku 14 asanathe. Potumiza, chotsani drone pa akaunti yanu, bwezeretsani chotchingira gimbal, jambulani vidiyo mukulongedza, ndipo gwiritsani ntchito mtengatenga wopereka nambala yolondolera ndi inshuwalansi yofika £760. Muwauze kuti muli mabatire a lithium, chifukwa si onse amene amalandira. Ngati muli ndi ulendo wa kumudzi, malizani izi musananyamuke. Kutumiza mabatire kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre n'kovuta ndiponso kodula.

Akakanabe, onani khadi limene munalipirira. Ngati ndi kirediti kadi, gawo 75 la Consumer Credit Act 1974 limachititsa banki kukhala ndi udindo wofanana ndi wa sitolo pa katundu wa mtengo woposa £100 koma wosapyola £30,000. Ngati ndi khadi wamba la ku akaunti yanu, pemphani banki ichite chargeback, kutanthauza kuitanitsa ndalama zanu kuchokera kwa wogulitsa. Limeneli si lamulo la boma koma dongosolo la makampani a makhadi, ndipo kawirikawiri malire ake ndi masiku 120. A bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice amathandiza kwaulere ndipo amatumiza madandaulo ku Trading Standards, ofesi yoona kuti amalonda akutsatira malamulo.

Khothi ndi lomaliza. Mumayamba mwalemba kalata yochenjeza, yofotokoza ndalama zimene mukufuna ndi kuwapatsa masiku 14 oti ayankhe. Kenaka mumasuma pa intaneti ku County Court. Milandu yosapyola £10,000 imapita ku gawo la milandu ing'onoing'ono, kumene simufunika loya. Pa ndalama za pakati pa £500 ndi £1,000 kusuma ndi £70, ndipo pali zina zolipira mlandu ukafika pomvedwa. Mukapambana zimenezi amakubwezerani, koma ndalama za loya kawirikawiri sabweza. Sitolo ikatsutsa, mudzayamba mwalankhula pafoni ndi mkhalapakati wa khothi, kwaulere, musanaonane ndi woweruza. Posuma lembani dzina lenileni la kampaniyo monga lilili ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, osati dzina la pa tsamba lawo lokha, chifukwa chigamulo cholembedwa m'dzina lolakwika chimavuta kuchitsatira pofuna ndalama zanu.