Mtengo wa mango achikudawo musaudule

Mayi, mwafunsa zinthu ziwiri pamodzi: ngati kuli koyenera kudula mtengo wa mango achikuda umene uli kuseri kwa nyumba yanu kuti mubzalepo wa mango akuluakulu opanda ulusi monga akukulangizirani aneba anu, komanso chimene mungachite ndi mango amene amangogwa n'kumaolera pansi chaka ndi chaka poti banja lanu silingawathe. Ndaona kuti ambiri akuyankhani mwachidule kuti dulani, ena kuti kagulitseni kumsika. Ine ndikupemphani kuti nkhwangwayo muyambe mwaisunga kaye.

Ndiyambe ndi nkhani ya kukoma, poti mkangano wagona pamenepo. Mango amene timawatcha amakono, monga Kent, Keitt, Haden ndi Tommy Atkins, onse anachokera ku Florida m'dziko la America, ndipo ena mwa iwo anatchuka chifukwa cha malonda osati chifukwa cha lilime. Tommy Atkins, mwachitsanzo, anafala padziko lonse chifukwa khungu lake ndi lolimba ndiponso lofiira mokopa maso, moti amapirira ulendo wautali osabunyuka. Koma mukamudya mupeza kuti kutsekemera kwake n'kwapakatikati, ndipo ulusi ali nawo ndithu. Kent yekha sindingamunyoze, chifukwa mnofu wake ndi wochuluka, wofewa, ndipo amadulika bwino ndi mpeni moti mutha kuikira alendo pambale popanda manyazi. Komabe ine, mukandipatsa kuti ndisankhe, nditenga kalisere wopsera mumtengo, amene mumamufinyafinya m'manja mpaka m'kati monse mwasungunuka, n'kuboola kansonga ndi mano, n'kumayamwa. Fungo lake komanso kuwawasa pang'ono kumene kumatsagana ndi kutsekemera kwake sindinakupeze mu mango aliwonse a m'sitolo. Maboloma nawo ali ndi anthu awo, makamaka amene amafuna mango okhutitsa. Ulusi wotsalira m'mano ndi mtengo wake wa kukomako, ndipo ndikudziwa kuti pali ena pagulu pano amene sangaulolere. Amenewo sindilimbana nawo, chifukwa zakudya n'zapakamwa pa mwini.

Chimene aneba anu sanakuuzeni n'chakuti simukukakamizidwa kusankha mtundu umodzi. Mtengo waukulu wa mango umatheka kuukwatitsa: mlangizi wa zaulimi kapena munthu wodziwa ntchito ya nazale amadula nthambi zina, amadikira kuti ziphukire, kenako amalumikiza timphukira ta Kent kapena Keitt pa mphukira zatsopanozo. Chifukwa mizu ndi yakale ndipo inazika kale pansi, nthambi zokwatitsazo zimayamba kubereka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, pamene mbali ina ya mtengo ikupitiriza kukupatsani mango amene munazolowera pamodzi ndi mthunzi wake. Phindu lina lili pa nyengo. Mango achikuda amafulumira kupsa, kuyambira cha mu Okutobala ndi Novembala m'madera otentha monga Salima, Nkhotakota, Mangochi ndi kuchigwa cha Shire, ndipo kumtunda amafika cha mu Disembala ndi Januwale, pamene Kent amachedwerako ndipo Keitt ndiye wotsiriza. Mtengo umodzi ukhoza kukudyetsani miyezi ingapo m'malo moti zonse zikhuthuke pa milungu yochepa. Keitt yekha musamudikire kuti asinthe mtundu, chifukwa amapsa khungu likadali lobiriwira, mumamuzindikira pomukhudza.

Ndichenjezenso pa chinthu chimene ambiri amachita: kugula Kent mumsika, kudya, n'kubzala njere yake poganiza kuti adzakolola Kent. Njere ya mitundu imeneyi sibereka zofanana ndi make, ndipo mukhoza kudikira zaka zambiri n'kudzapeza mango ena osayembekezeka. Mbande yodalirika ndi yokwatitsa, ndipo alangizi a m'dera lanu angakuuzeni kopeza. Kumwera kuno ambiri amadziwa za malo a kafukufuku a Bvumbwe ku Thyolo, kumene ntchito ya mitengo ya zipatso inakhazikika kalekale.

Tsopano kukhitchini, kumene ndikuona kuti ndiko kuli yankho lenileni la vuto lanu. Ife Amalawi timatenga mango ngati chinthu chongodyera pansi pa mtengo, ndipo kuwaika mumphika ambiri timakuona ngati chizindikiro cha umphawi. Pali chifukwa chake: amene anaona njala ya 2002 amakumbukira mabanja akuwiritsa mango osapsa kuti ana agone atadyako kanthu, ndipo mpaka lero m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, nkhokwe zikatha, mango owiritsa ndiwo amagwira moyo wa anthu m'midzi yambiri. Koma manyazi amenewa akutitayitsa chakudya chabwino, pamene ku India, kumene mtengowu unachokera, mango osapsa ndi ndiwo yaulemu wake m'nyumba za olemera ndi osauka omwe.

Yambani ndi osapsawo, chifukwa mukawachotsako msanga mumachepetsa amene adzaole. Achari ndiye njira yosungira nthawi yaitali. Sankhani mango okhwima koma olimba, atsukeni bwino kuti utomoni uchoke, aduleni tizidutswa osasenda khungu, thirani mchere wambiri ndipo agone usiku umodzi kuti madzi atuluke. M'mawa khetsani madziwo, yanikani tizidutswato pa lichero mpaka kunja kwake kuume, kenako sakanizani ndi kambuzi wosinja, adyo, jinja ndi ufa wa kale (curry), n'kuthira mafuta ophikira amene mwawatenthetsa n'kuwasiya kuti azizire. Chinsinsi chili pa zinthu ziwiri: botolo likhale lowiritsidwa ndi louma, ndipo mafuta aphimbe mango onse pamwamba, chifukwa kachidutswa kotulukira kunja ndi kamene kamayamba nkhungu. Supuni yonyowa isalowemo. Pakatha milungu iwiri amakhala atalowerera, ndipo pa nsima ya nyemba kapena ya usipa wouma amadzutsa mudyo ngakhale kwa munthu amene wangochira kumene.

Njira ina imene ine ndimaikonda kuposa achari ndi yosavuta. Nthawi ya dzinja tomato amakwera mtengo ndipo wambiri amakhala woola ndi mvula, koma nthawi yomweyo mango osapsa ali mbwee. Sendani limodzi, lipaleni kapena lidulenidulenso tating'ono, liikeni mumphika wa usipa, utaka kapena matemba anyezi atafiira, ndipo muchepetse tomato. Limasungunuka n'kupanga msuzi wokhathamira wowawasa bwino, ndipo limathetsa fungo la nsomba monga amachitira mandimu. Musachulukitse ayi, limodzi laling'ono likwanira mphika wa banja, apo ayi ana akana ndiwo. Kudya osapsa ndi mchere ndi tsabola sindikuphunzitsani, poti tonse tinakulira momwemo, kungoti utomoni wa pa phata uzichotsedwa chifukwa ndi umene umaotcha milomo ya ana n'kusiya zilonda.

Akupsa ndi amene amavuta chifukwa sadikira munthu. Apa ndi pamene ulusi wa mango achikuda umaleka kukhala vuto: asendeni, afinyireni m'beseni loyera, thirani madzi pang'ono owiritsa ozizira, ndipo sefani ndi sefa ya ufa kapena kansalu koyera. Ulusi wonse utsala pamwamba, ndipo chotsika pansicho chimanunkhira kuposa chimene mungapeze ku Kent. Ngakhale kampani ya Malawi Mangoes ku Salima inakhazikika pa ntchito yomweyi yosandutsa mango kukhala zinthu zosungika, tsono palibe chachilendo kuti inunso mutero pakhomo. Ngati muli ndi firiji, thirani m'timapepala kapena m'mabotolo n'kuumitsa. Ana apeza zoyamwa akaweruka kusukulu, ndipo zina mutha kugulitsa pakhomo pomwepo. M'mawa thirani masupuni angapo mu phala la mgaiwa mutaliphula kale pamoto, ndipo muona kuti shuga safunikanso. Ine ndimathiranso mu chigumu m'malo mwa nthochi zikasowa, ndipo zimasowadi masiku ano chiyambire pamene matenda a chisaka anapululutsa minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay mpaka tinayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Chigumu cha mango chimatuluka chofewa ndi chachikasu, kungoti madzi muchepetse poumba.

Jamu nayenso savuta. Pa makapu 4 a mango osefa ikani makapu 3 a shuga ndi madzi a mandimu awiri, wiritsani pamoto wapakati mukutakasa kuti asapserere pansi, ndipo muyese podontheza pang'ono pa mbale yozizira: akapanda kuyenderera mukapendeketsa mbaleyo, wapsa. Thirani akadali wotentha m'mabotolo owiritsa n'kutseka nthawi yomweyo. Mandimuwo musawasiye, chifukwa ndi amene amathandiza kuti jamu agwirane ndiponso kuti asatsekemere mogwetsa ulesi. Amene anasungako malambe a chilimwe akhoza kuthira ufa wake pang'ono m'malo mwa mandimu, ndipo kwa ine mango ndi malambe ndi zinthu zogwirizana kwambiri; bwemba naye amagwira ntchito yomweyo koma amadetsa mtundu.

Za kuyanika ndinena mwachidule chifukwa sindizilimbikitsa kwambiri pa mango a mtengo wanu. Nyengo ya mango ndi nyengo ya mvula, ndipo tizidutswa tikapanda kuuma msanga timachita nkhungu kapena kudzaza ntchentche. Zimatheka kwa amene ali kunyanja kumene mango amapsa mvula isanakhazikike, kapena amene ali ndi choumitsira cha dzuwa chotchingidwa bwino, ndipo mitundu yopanda ulusi ndi imene imauma mokoma. Apa ndiye Kent wapambana, ndipo n'chifukwa china chokwatitsira nthambi zingapo.

Mwadandaulanso kuti ambiri mukawatsegula mumapeza mphutsi. Zimenezi zimabwera ndi ntchentche za zipatso, zimene zimaboola khungu n'kuikira mazira m'kati mango akayamba kupsa. Mango akagwa, mphutsizo zimalowa m'dothi, zimasanduka ntchentche zatsopano, n'kubwereranso mumtengo. Kusiya mango oola pansi ndiko kuweta mdani. Tolani ogwa tsiku lililonse, akwirireni m'dzenje lakuya pafupifupi theka la mita, kapena amangeni m'thumba lakuda la pulasitiki n'kulisiya padzuwa masiku angapo kuti mphutsi zife. Komanso musadikire kuti onse apsere mumtengo. Thyolani okhwima, amene mapewa ake adzaza, muwavundike m'nyumba mudengu kapena m'katoni. Akoma ndithu ndipo ntchentche zikhala zisanawafikire. Dziwani kuti mitundu yamakono ntchentchezi siziisiya, choncho kudula mtengo wanu sikungathetse vuto limeneli.

Wina m'mayankho walemba kuti mango ambiri pakhomo amabweretsa malungo kwa ana. Izi si zoona. Malungo amafala ndi udzudzu, ndipo udzudzu umachuluka nthawi ya mvula imene mango amapsanso, n'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka ngati zikuyendera limodzi. Chimene mango otola pansi osatsuka angabweretse ndi kutsegula m'mimba, ndipo pambuyo pa kolera wa 2022 ndi 2023 palibe amene ayenera kukumbutsidwa kawiri za kutsuka zipatso ndi madzi aukhondo komanso kusamba m'manja. Ngati pakhomo pali wodwala matenda a shuga, iye yekha ndiye achepetse, makamaka madzi ofinya ndi jamu, ndipo atsatire malangizo a kuchipatala.

Pomaliza munafunsanso kuti ife tonse timakonda chipatso chiti. Ngakhale ndalemba zonsezi, mango kwa ine ndi achiwiri. Oyamba ndi masuku, amene amapsa nthawi yomweyi ndipo amagulitsidwa m'mabeseni m'mbali mwa msewu cha ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo chimandidandaulitsa n'chakuti mitengo yake ikutha ndi makala pamene ndi anthu ochepa kwambiri amene amaibzala. Mapeyala ndimawadya ndi mchere pa mbatata kapena chinangwa chowiritsa, osati ndi shuga monga amachitira ena, ndipo pamenepa ndikudziwa kuti ndaputa mkangano wina. Manachesi a ku Mwanza m'nyengo yozizira sindiwadutsa, nanazi wa ku Mulanje ndimamulemekeza, koma papaya wakupsa ndimadya pokhapokha atathiridwa ndimu. Wosapsa ndiye ndimamufuna, chifukwa kachidutswa kake mumphika kamafewetsa nyama ya ng'ombe yokalamba.

Mukaganiza zokwatitsa, mudikire kuti mukolole kaye mango a chaka chino, ndipo mlangizi akabwera mumuuze kuti asadule nthambi zonse nthawi imodzi. Ayambe ndi mbali imene yayandikira denga la nyumba, imene mwina munkafuna kale kuisadza, ndipo mbali inayo itsale ndi masamba ake kuti mtengo usafooke.