Script ikuti zonse zili bwino, koma service yagona

Owerenga wina wanditumizira imelo pamodzi ndi script yake (fayilo ya malamulo a kompyuta) ya pa Debian 12, mtundu wina wa Linux. Cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imaiyendetsa usiku kuti ikopere pulogalamu yatsopano ndi fayilo ya unit (youza systemd, woyang'anira ma service, mmene aiyendetsere), kenako iyambitsenso service ya dzina loti `malonda`. Akaiyendetsa yekha pa terminal imayenda, koma ikayenda ndi cron, m'mawa amapeza service yagona ndipo log ilibe kanthu.

Achimwene, mzere umene wandiwawa mtima ndi uwu: `service malonda restart 2>/dev/null || true`. Mwaitseka pakamwa nokha script yanu. Mbali ya `2>/dev/null` ikutaya uthenga wonse wa zolakwika, ya `|| true` ikuuza shell kuti inene kuti zatheka ngakhale zakanika. Chizolowezi chimenechi ndimadana nacho kwambiri, ndipo anthu amangochikopera pa intaneti osadziwa chimene chikuchita. Fufutani zonse ziwiri lero lomwe.

Mukatero, ndikuyembekeza kuti muona `service: not found` ndi nambala 127. Cron ya Debian imapatsa crontab (mndandanda wa ntchito zake) PATH yaifupi, kutanthauza mafoda ofunamo malamulo, `/usr/bin:/bin` basi, pamene lamulo la `service` limakhala mu `/usr/sbin`. Pa terminal ya root limapezeka, n'chifukwa chake pamanja zimayenda. Lembani `systemctl restart` m'malo mwake.

Palinso china pamwamba penipeni pa script. Mwalemba `#!/bin/sh` koma m'munsi mukugwiritsa ntchito `[[ ]]`. Pa Debian `/bin/sh` ndi dash, osati bash, ndipo dash sadziwa zimenezo. Inu mumalemba `bash update.sh`, ndiye vutolo limabisala. Ndipo ngati fayiloyo inadutsa pa Windows, onani ndi `cat -A`; mukaona `^M` kumapeto kwa mizere, ndiye kuti ngakhale mzere woyambawo ndi wowonongeka.

Za `cp` nazo sindingazisiye. Kukopera pamwamba pa pulogalamu imene ikuyenda kumakanika ndi mawu akuti `Text file busy`. Koperani ku dzina lina mu foda yomweyo, kenako `mv`. Samalani chilolezo cha fayilo yatsopanoyo: ikasowa `chmod +x`, systemd idzalemba `status=203/EXEC`. Choopsa n'chakuti ndi `Type=simple` mu fayilo ya unit, `systemctl restart` imabweza 0 ngakhale pulogalamuyo sinadzuke n'komwe. Ine ndimaona kuti `Type=exec`, yomwe inabwera mu systemd 240, ndi imene iyenera kukhala pa service yotere, chifukwa imadikira kuti pulogalamu iyambedi.

Zoti muchite

Yesani script ngati mmene cron imaionera: `env -i PATH=/usr/bin:/bin /njira/update.sh`. Sinthani mzere woyamba ukhale `#!/bin/bash`, pansi pake `set -euxo pipefail`, ndipo mu crontab onjezerani `>>/var/log/update.log 2>&1`. Mukasintha fayilo ya unit, `systemctl daemon-reload` ibwere musanayambitsenso, apo ayi systemd ipitiriza ndi yakale ija. Service ikayamba kuposa kasanu m'masekondi 10, systemd imaleka kuidzutsa n'kulemba `start-limit-hit`. Pamenepo muyenera `systemctl reset-failed malonda`. Kumapeto kwa script ikani `sleep 5` ndi `systemctl is-active --quiet malonda`, ndipo ikakanika, chifukwa chake mudzachipeza mu `journalctl -u malonda -n 50 --no-pager`.