Kodi ndi "break bread" kapena "break the bread"?

Funso: Ndine mlembi wa bungwe la amayi pampingo pathu. Polemba kalata yoitanira alendo ochokera ku Scotland ku chakudya chamasana, ndinalemba kuti "come and break the bread with us". Mphunzitsi wina anandiuza kuti ndalakwitsa, ndipo anatinso mawuwa sakuyenera chifukwa tinkakonza nsima ya nkhuku, osati buledi. Zoona n'ziti? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, mphunzitsiyo analondola pa mfundo yoyamba, koma pa yachiwiriyo anaphonya. Pofuna kunena za kudyera limodzi, eni chinenero cha Chingelezi amati "break bread with", popanda kaliwu ka "the". Mukakaikapo, womva amaganiza za buledi weniweni amene ali patebulo, ndipo amayembekeza kuti wina amunyemenyeme. Nkhaniyo ikakhala yoti inachitika kale, mumati "we broke bread" kapena "we have broken bread", chifukwa mneni ameneyu salandira "-ed" kumapeto monga amachitira aneni ambiri.

Za nsimazo musade nazo nkhawa. Mawuwa ndi okuluwika, ndipo amagwira ntchito kaya mukudya mpunga, kaya nsima ya chambo, ngakhale pamene panyumbapo palibe buledi ndi pang'ono pomwe. Anafala kwambiri kudzera m'Baibulo lachingelezi, monga la King James la mu 1611, pa Machitidwe 2:46 pamene okhulupirira ankanyema mkate m'nyumba zawo. Mkate wa Ayuda a nthawi imeneyo unali wophwatalala, ndipo ankaugawana ndi manja, monga momwe ife timatemera mbamu ya nsima m'mbale imodzi. N'chifukwa chake tanthauzo lake limapitirira kukhuta: odyera pamodziwo akusonyeza ubale, ndipo nthawi zina akusonyeza kuti mkangano umene unalipo watha. Ngakhale liwu loti "companion", lomwe timalimasulira kuti mnzako, linachokera ku Chilatini, ndipo poyamba linkatanthauza munthu amene umadya naye mkate.

Komabe, ine ndikanakulangizani kuti m'kalata yanuyo musawagwiritse ntchito mawuwa, ngakhale mutawakonza. Kalata yochokera kumpingo yonena za kunyema mkate ingachititse alendo anuwo kuganiza kuti mukuwaitanira ku Mgonero wa Ambuye, ndipo angafike akuyembekeza mapemphero pamene inu mwatandika kale mphasa ndi kukonza madzi osamba m'manja. Mawuwa ndi olemereranso, oyenera pa zokamba za pamwambo, monga pamene mkulu wa mpingo akuthokoza alendo atatha kudya. M'kalata yoitanira anthu lembani kuti "please join us for lunch", kenako mutchule tsiku, nthawi ndi malo.