Mafuta a peppermint sangathetse nyerere za ku Cape Town

Achemwali, mwafunsa ngati mafuta onunkhira a zomera angathetse tinyerere tofiirira tadzadza m'khitchini mwanu ku Cape Town. Mwafunsanso za mphemvu, koma zimenezo ayankhe ena, ine ndinena za nyerere.

Kuthamangitsa amathamangitsa ndithu, koma kuthetsa ayi. Peppermint kapena clove mukadontheza m'madzi a sopo n'kupukuta m'njira yawo, zimasokonezeka chifukwa zimayenda potsata fungo la zinzawo. Vuto lake mafutawa amauluka msanga. Pakapita masiku ochepa mzere wabwerera.

Kwathu ndinawononga ndalama pa timabotolo ta 10 ml, kamodzi pafupifupi R70 mpaka R100 kutengera sitolo. Nyerere zinachoka pasinki n'kusamukira m'kabati ya shuga, kenako kuchipinda kwa ana. Zinandipweteka kwambiri. Zimenezi si nyerere zakumudzi zija. Zambiri za kunozi ndi Argentine ant, zinachokera ku South America zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo chisa chimodzi chimakhala ndi amanthu ambirimbiri. Zomwe mukuona pakhomazo n'zantchito chabe, oikira mazira ali phee pansi pa simenti.

Chinandithandiza ndi borax, ufa woyera wogulitsidwa m'masitolo. Theka la supuni yaing'ono m'kapu ya madzi ofunda, shuga masupuni aakulu anayi. Nyowetsani thonje, liikeni m'kabotolo koboola chivundikiro, pafupi ndi pomwe zikulowera. Musachulutse borax poganiza kuti zifa msanga, zikafera panjira sizikafikitsa kwa manthu. Poyamba zidzachuluka, muzisiye zidye, ndipo pirirani milungu ingapo. Mafuta aja musapake pafupi ndi nyamboyo, zingaithawe.

Chonde, borax ndi poizoni, ikhale kutali ndi ana ndi ziweto. Ngati muli ndi mphaka, tea tree, peppermint ndi mafuta a bulugama musayese n'komwe, chiwindi chake sichitha kuwasefa. Osasungunula amawotchanso khungu la mwana wokwawa.

Amene akuti thirani palafini m'khitchini, abale inu, moto wa m'nyumba za malata kuno simukuuona? Mankhwala opopera nawo amangopha zomwe zili poyera.

Ngati pabwalo pali mtengo wa mandimu kapena maluwa, yang'anani kunsi kwa masamba. Nyererezi zimaweta nsabwe za m'masamba kuti zizimwa timadzi take totsekemera. Tsukani masambawo ndi madzi a sopo, mudulenso nthambi zokhudza khoma. Mpopi wodontha mukonze, nyengo yotentha zimalowa m'nyumba kusaka madzi.